Mlendo amene anabwera m'chikwama cha nsapato

Mu February 2024, m'nyumba ina ku Port Talbot, ku Wales, mtsikana wina anaona kachilombo kakukupiza mapiko pa windo. Kunja kunali chisanu chija chimene tonse timachidziwa, nyengo imene simungayembekezere kuona gulugufe aliyense. Kanali ndi mapiko oonekera ngati galasi, thupi la mizere yachikasu ndi yakuda, moti ukakaona mwachangu unganene kuti ndi mavu. Koma kanali ka mtundu wa akadziwotche, aja timawaona akuzungulira nyali, ngakhale a banja limeneli amauluka masana.

Mtsikanayo anakajambula n'kuika chithunzi pa Instagram. Chithunzicho chinafika kwa akatswiri a ku Natural History Museum ku London, ndipo atayeza DNA anapeza kuti abale ake apafupi ndi a ku Central ndi South America, koma kachilomboka sikanalembedwepo m'buku lililonse. Nanga kanafika bwanji ku Wales?

Yankho linali m'chikwama cha nsapato. Mayi ake a mtsikanayo, omwe ndi wojambula zithunzi, anali atapita ku Guyana miyezi itatu m'mbuyomo. M'matope amene anatsalira m'chikwamamo munapezeka zikwa ziwiri zopanda kanthu komanso kachidutswa ka khoko la mtengo kobookabooka. Atayezanso kachidutswako anapeza kuti ndi ka mtengo wa Mora excelsa, womera m'nkhalango za kumeneko. Ndiye kuti timbozi tiwiri tinali mkati mwa khokolo tikudya, tinakwera ndege osalipira, kenako tinasanduka akadziwotche chifukwa cha kutentha kwa m'nyumba. Chaka chomwecho mtunduwu unapatsidwa dzina lakuti Carmenta brachyclados.

Chimene chinandigwira mtima ineyo n'chakuti dzina linabwera limodzi ndi chakudya cha mbozi yake. Akadziwotche ambiri aang'onoang'ono amadziwika ndi mapiko okha, atabayidwa ndi singano m'bokosi la ku myuziyamu, koma zimene mbozi yake imadya palibe akudziwa. Kuntchito kwanga kwa makompyuta, zili ngati kukhala ndi dzina la makina pa netiweki koma osadziwa ofesi imene ali. Dzina lokha silikuthandiza vuto likabuka. Pajatu chimene chimaononga mbewu ndi mbozi, osati kadziwotche wouluka uja.

A ku Wales aja sakanatha kupulumuka panja. Koma si onse amene amafa ndi chisanu. Amene muli ku England, tayang'anani mitengo ya horse chestnut m'mapaki mwezi wa August. Masamba amakhala atafiira ngati awauka ndi moto pomwe mitengo ina idakali yobiriwira. Ine chaka choyamba ndinkati ndi chilala. Ayi ndithu, ndi kadziwotche wotalika mamilimita 5 okha, Cameraria ohridella. Mbozi yake ndi yopyapyala, imalowa pakati pa khungu lapamwamba ndi lapansi la tsamba n'kumadya mkatimo, kusiya timipata touma. Mukatenga tsamba n'kuliyang'anitsa kudzuwa, nthawi zina mumaiona kambozi kali phee mkati.

Mtundu umenewu unapatsidwa dzina mu 1986 utapezeka pafupi ndi nyanja ya Ohrid ku Macedonia, ndipo mu 2002 unaoneka ku Wimbledon. Anthu ankadabwa kuti wachokera kuti. Kenako akatswiri atafufuza masamba akale ouma osungidwa m'mamyuziyamu, anapeza timbozi take titaphwatalala m'masamba amene anathyoledwa ku Greece mu 1879. Zaka zoposa 100 kachilomboka kanali m'kabati, kosadziwika. Choncho akamati "mtundu watsopano", satanthauza kuti wangolengedwa kumene, koma kuti pano m'pamene wina wakhala pansi n'kuufotokoza. Mitengoyo sifa, koma imaoneka yomvetsa chisoni, ndipo zikwa zimagona m'masamba ogwa nyengo yonse yozizira. N'chifukwa chake kusesa masambawo n'kuwachotsa kumachepetsako vutoli chaka chotsatira.

Kwathu takumana nazo zoopsa kuposa apa. Ntchemberezandonda zija zinasakaza chimanga mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 2017 ndi mbozi za kadziwotche wochokera ku America, amene anaoneka koyamba mu Africa mu 2016.

Tsono abale, ife ndi anthu a zikwama. Tikamabwerera kuno, amayi amatilongedzera ufa, mtedza, nyemba, ena mpaka mbewu zoti akayese pakhonde. Tikamapita kumudzi timanyamulanso zathu. Malamulo a pa bwalo la ndege okhudza zomera ndi mbewu amatikwiyitsa, inenso ndinadandaulapo atandifunsa mafunso ambirimbiri, koma nkhani ya ku Port Talbot yandichepetsa mkamwa.

Mukaona kachilombo kachilendo katuluka m'katundu, musakatsegulire windo. Katsekereni m'botolo, kajambuleni bwinobwino, muike chithunzicho pa iNaturalist kapena iRecord, ndipo musataye chimene katulukamo, kaya ndi khoko kaya ndi nyemba yobooka. Ine nsapato zimene ndinavala kumunda kwa agogo mu Epulo ndazipeza zikadali m'jumbo pansi pa bedi, dothi lake lili pomwepo. Ndazitsukira m'bafa Loweruka lapitali.