Telala wa ku Kapata Akali Kupalasa Makina

Munthu wodutsa pafupi ndi msika wa Kapata mu Chipata amamva kulila kwa makina a Singer asanaone eni ake. Nkhalamba imene ipalasa makinawo inaphunzila utelala pa khonde la sitolo ya mmwenye ku Down Shops, tauni ikali kuchedwa Fort Jameson. Masiku amenewo wogula nsalu m'sitolo anali kuisiya kwa telala pakhomo pomwepo.

Pambuyo pa cilengezo ca ku Mulungushi mu 1968, pamene boma la a Kaunda linafuna kuti malonda akhale m'manja mwa nzika, bamboyu anatsegula kashopu kakekake. Ana a m'komboni anayamba sukulu ndi mayunifomu ake, ambili pa ngongole yoyembekeza ndalama za nshawa. Azibambo anali kufuna suti ya Kaunda, amai a Cigwilizano mabulauzi oyela.

Salaula itadzaza misika pambuyo pa 1991, osoketsa anacepa kwambili. Komabe jekete losokedwa ku Ulaya silidziwa thupi la Mngoni, motelo nchito yake lelo ndi kucepetsa zobvala ndi kuika mazipi. Mdzukulu amene anafuna kumsiyila makinawo anasankha kunyamula anthu pa njinga.