Ngongole Ikakula Kuposa Thumba, Muyambire Pati?

Ku Kasinje, monga m'madera ena a m'chigwa cha Bwanje, ndalama imabwera ndi nyengo. Mlimi amagwira ndalama yooneka akakolola n'kugulitsa chimanga, mtedza kapena thonje, ndipo ikatha imeneyo amadikira chaka china. Ngongole yokha sidziwa nyengo. Ya ku banki mkhonde imafunika mwezi ndi mwezi, ya ku mabungwe ena obwereketsa ndalama sabata ndi sabata, ndipo fizi ya mwana wa ku koleji imafunika semesita ikangoyamba. Pofika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka ndipo chimanga chitakwera mtengo pamsika, mabanja ambiri amapezeka kuti zomwe akuyenera kubweza zaposa zomwe amapeza.

Si onse amene afika pamenepa chifukwa chosasamala. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Feteleza, mafuta ndi katundu wa m'golosale zinakwera, pamene phindu la geni silinakwere chimodzimodzi. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Munthu amene anakongola akuwerengera zokolola zabwino anatsala ndi ngongole yopanda chobwezera. Funso tsopano ndi lakuti: zikafika apa, munthu achite chiyani?

Lembani zonse papepala

Ngongole yosungidwa m'mutu imasowetsa tulo koma siichepa. Tengani kope, khalani pansi ndi amene mumadya naye mbale imodzi, mulembe ngongole iliyonse pamzere wakewake: mwini wake, ndalama yotsala, chiwongoladzanja chake, tsiku lobweza, ndi chimene mudzataye mukalephera. Musasiye ya pafoni, ya kwa malume, kapena ya ufa wa pagolosale. Patsamba lina lembani ndalama zomwe zimalowadi pamwezi, osati zomwe mukuyembekeza. Pansi pake lembani zinthu zimene banja silingakhale popanda izo.

Tiyerekeze banja lomwe lili ndi munda ndi kagolosale pamsika wa Kasinje. Phindu la kagolosaleko ndi K180,000 pamwezi. Chakhumi, chakudya, chigayo, sopo ndi mankhwala zimatenga K110,000. Zotsala ndi K70,000. Banjali lili ndi ngongole zinayi. Ku banki mkhonde linatenga K200,000 yolipirira fizi, pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, kutanthauza K40,000. Kwa wakatapila linatenga K100,000 pa 50 peresenti, kutanthauza K50,000 pamwezi. Ku bungwe lobwereketsa ndalama za geni limabweza K30,000 mwezi uliwonse. Kwa mbale linatenga K60,000 yopanda chiwongoladzanja.

Ngongole zitatu zoyambazo zikufuna K120,000 pamwezi, pamene m'manja muli K70,000. Pakuperewera K50,000 mwezi uliwonse, ndipo pa ngongole ziwiri zoyambirirazo ndalama yeniyeni imene inatengedwa siinakhudzidwe n'komwe. Banja likaona manambala amenewa limadziwa kuti kumanga lamba kokha sikungathetse vutoli. Pafunika kusankha.

Ngongole sizilemera mofanana

Ambiri amayamba kubweza kwa amene akukuwa kwambiri pakhomo. Njira yabwino ndi kuyeza ngongole iliyonse ndi mafunso awiri. Loyamba: ikukula mofulumira bwanji? Ngati wakatapila akuphatikiza chiwongoladzanja chosalipidwa ku ngongole, K100,000 ija imakhala K150,000 pakutha mwezi woyamba, K225,000 wachiwiri, ndi K337,500 wachitatu. Palibe geni ya pa Kasinje yomwe ingathamange liwiro limenelo. Lachiwiri: ndikalephera nditaya chiyani? Ngongole yomwe chikole chake ndi munda, nyumba, njinga ya kabaza kapena makina osokera ikhoza kukulandani chinthu chomwe chimakudyetsani. Ngongole ya pagulu, imene anzanu anakuikirani umboni, ikakukanikani imagwera iwowo.

Pa chitsanzo chathu, ya katapila ndiyo iyenera kufa msanga. Ya ku bungwe ipitirire kulipidwa monga mwa pangano. Ya ku banki mkhonde ikakambidwe pagulu. Mbale uja auzidwe zoona, ndi mwezi umene angayembekezere ndalama yake, chifukwa kumuzemba kumapha chibale chomwe mudzachifune mawa.

Njira zomwe zilipo ndi mtengo wake

Njira yoyamba ndi kukambirana ndi mwini ndalama tsiku lobweza lisanafike. Pitani ndi kope lanu, musonyeze zomwe mungakwanitse. Mungapemphe kuti nthawi italikitsidwe, kuti chiwongoladzanja chiime, kapena kuti gawo lalikulu mudzabweze mukakolola. Ku banki mkhonde mungapemphe kuti gawo la ngongole lidzachotsedwe ku masheya anu pa tsiku logawana. Sangavomere zonse, koma wobwereketsa aliyense amadziwa kuti kulandira pang'onopang'ono kuposa kusalandira konse. Chimene mwagwirizana chilembedwe, pakhale mboni, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka isainidwe.

Njira yachiwiri ndi kugulitsa katundu. Mbuzi zingapo zikhoza kutseka ngongole ya katapila lero, ndipo kutaya mbuzi n'kopepuka poyerekeza ndi K50,000 yotuluka mwezi uliwonse. Banja lathu likatero limatsala ndi K40,000 ndi K30,000, zomwe zikukwanira mu K70,000 ija. Koma gulitsani chimene sichikubweretsa chakudya. Munda, mbewu yobzala ndi mpamba wa geni zikapita, ngongole ina imabwera posachedwa. Samalaninso ndi chimanga cha m'nkhokwe: kuchigulitsa chotchipa mu Meyi n'kudzachigula chodula mu Januwale ndi ngongole inanso yobisika.

Njira yachitatu ndi kutenga ngongole yotchipa kuti mutseke yodula. Amene ali membala wa SACCO akhoza kupezako ngongole yomwe chiwongoladzanja chake n'chotsika kwambiri poyerekeza ndi cha katapila. Izi zimathandiza pokhapokha ngati ndalama yonse yapita kukatseka ngongole yakaleyo, ndipo mwawerengera ndalama zonse zomwe mudzabweze mpaka kumapeto, kuphatikizapo zolipira polembetsa ndi inshulansi. Kutenga ku banki mkhonde yachiwiri kuti mubweze yoyamba, kapena kukongola pafoni kuti mutseke pakamwa wakatapila, kumangosamutsa dzenje n'kulikulitsa.

Njira yachinayi ndi kuonjezera zolowa: ganyu, dimba, kuphunzitsa ana patchuthi. Zimathandiza, koma muziwerengera ndalama imene mwaigwira kale m'manja basi.

Zimene malamulo akunena

Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza munthu kuti asatsekeredwe m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano monga la ngongole. Izi sizifafaniza ngongoleyo. Mwini ndalama akhoza kukasuma ku khoti, ndipo khoti likhoza kulamula kuti katundu agwidwe. Choncho samani ikabwera musaibise; pitani mukafotokoze zomwe mungathe kubweza. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano limene chiwongoladzanja chake chapyola muyezo. Amene sangakwanitse loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo madandaulo okhudza iwo akhoza kukafika kumeneko. Kumbukiraninso kuti kuchokera pa lamulo la 2010 kuli mabungwe osunga mbiri ya okongola, kotero kuthawa ngongole ya kubanki lero kukhoza kukutsekerani khomo mukadzafuna mpamba. Khadi la ATM, nambala yake yachinsinsi ndi chiphaso cha unzika musazisiye m'manja mwa wobwereketsa aliyense.

Kwa ophunzira

Ambiri a ife pano pa Lakeview tikuphunzira ndi ndalama imene kholo linakongola. Funsani kunyumba kuti fizi yanu inachokera kuti, ndipo ikubwezedwa motani. Makolo ambiri sanena, poopa kukudetsani nkhawa, koma inu amene mukuphunzira masamu ndi zamalonda ndinu woyenera kuwathandiza kudzaza kope lija. Fizi ikavuta, pitani ku ofesi ya zachuma semesita isanafike pakati, mukafunse ngati mungalipire m'magawo. Amene mumalandira ngongole ya ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, dziwani kuti ndalamayo idzabwezedwa, ndipo muiike m'mawerengero anu a mtsogolo. Ngongole zing'onozing'ono za pafoni zogulira bandulo nazonso ndi ngongole. Kubetcha pofuna kupeza yobwezera kumangoonjezera mzere wina m'kope.

Kwa mpingo

Chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi manyazi. Munthu amabwera ku tchalitchi Sabata lililonse atavala bwino, pamene kunyumba akubisalira eni ndalama. Pa 2 Mafumu 4 pali nkhani ya mkazi wamasiye amene ana ake anatsala pang'ono kutengedwa chifukwa cha ngongole. Iye ananena vuto lake poyera. Elisa anamufunsa chimene anali nacho m'nyumba, mkaziyo anabwereka mbiya kwa anansi, ndipo mafuta atagulitsidwa ngongole inabwezedwa, banja n'kutsala ndi chodyera. Mutu umodzi susenza denga. Mumpingo muli aphunzitsi, osunga chuma ndi ochita malonda amene angakhale pansi ndi m'bale kwa ola limodzi, kumuthandiza kuwerengera, ngakhale kumuperekeza kwa mwini ndalama. Chofunika n'chakuti zimene amva zithere pomwepo.

Ngongole yomaliza ikatha, ndalama imene munkabweza mwezi ndi mwezi musaimwaze. Ikani gawo lake padera nthawi yokolola, kuti Januwale wotsatira akadzafika ndi matenda, maliro kapena fizi, mudzatapa m'thumba lanu musanaganize zogogoda kwa wakatapila.