Imfa Zimene Sizilowa M'buku

Mwala ukagwera munthu pansi pa mgodi, nkhaniyo imalembedwa tsiku lomwelo. Kapitawo amalemba, a chitetezo amalemba, ndipo oyendera migodi a boma amabwera kudzafunsa mafunso. Koma munthu yemweyo akapita ku tchuthi kwa mkazi wake ku Zengeza kapena ku St Mary's n'kukadzipha, buku la ku mgodi limangoti sanabwerere ku ntchito. Pa maliro achibale amati "anadwala mwadzidzidzi". Kumudzi ku Dedza kapena ku Angonia amangomva kuti mwana wawo watisiya. Malo atatu onsewa akumudziwa munthuyu, koma palibe pamene palembedwa chimene chamupha.

Ambiri a ife m'Chitungwiza ndife ana ndi zidzukulu za amene anabwera kudzagwira ntchito ku Hwange, ku Zvishavane, ku Bindura ndi ku Kadoma. Migodi ina, monga Kamativi mu 1994 ndi Mhangura mu 2000, itatsekedwa, mabanja anabalalika. Lero bambo amakumba golide kutali, banja lili m'tauni, mizimu ya makolo ili kutsidya kwa Zambezi. Munthu wokhala chonchi amasowa mosavuta m'mabuku a boma.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2021 anthu pafupifupi 727,000 anadzipha, ndipo 73 mwa 100 alionse anali a m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Mu 2019 chigawo cha Africa ndicho chinali patsogolo: anthu 11 mwa 100,000 alionse, amuna kuposa akazi. Ziwerengerozi zambiri n'zongoyerekeza, chifukwa ndi mayiko 80 okha amene amalemba bwino imfa ndi chimene chazibweretsa. Ku Malawi apolisi anawerenga anthu 116 kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2019, ndi 182 m'miyezi yomweyo mu 2020. Amenewo ndi okhawo amene nkhani yawo inafika ku polisi.

Chifukwa chobisira tonse tikuchidziwa. Pali manyazi. Pali mipingo ina imene siyimba pa maliro otere. Pali mantha akuti anthu anena kuti m'banjamo muli tsoka, ana aakazi sadzakwatiwa. Sindikuwadzudzula amayi amene abisa. Koma chobisika sichipatsidwa namwino, mankhwala kapena ndalama.

Zimene agogo a pa benchi anayamba

Mu 2005 dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, Dixon Chibanda, anataya wodwala wake, mtsikana amene anadzipha kwawo chifukwa banja linalibe ndalama ya basi yobwerera naye ku chipatala. Mu 2006 iye anayambitsa Friendship Bench ku Mbare ndi agogo aakazi 14 amene ankagwira kale ntchito yolangiza za umoyo m'makomo. Anaika benchi lathabwa pabwalo la kiliniki. Munthu amene akuvutika ndi kuganiza kwambiri, kumene anzathu Achishona amati kufungisisa, amakhala pamenepo ndi agogo mpaka maulendo 6, n'kumasankha vuto limodzi limodzi loti athane nalo. Mu 2016 ntchitoyi inafalikira m'makiliniki a Harare, Gweru ndi kuno ku Chitungwiza.

Chimene anthu ambiri sachiona n'chakuti agogowa amawerenganso. Asanayambe kucheza amafunsa mafunso 14 a pepala lotchedwa SSQ-14, oyankha kuti inde kapena ayi, okhudza sabata yapitayi: tulo, misozi, kulephera ntchito. Funso limodzi limafunsa mosabisa ngati munthu waganizapo zodzipha. Akati inde, agogo samulola kungopita. Amamufikitsa kwa namwino. Motero maganizo amene anali m'mutu mwa munthu mmodzi amalembedwa iye akadali moyo.

Kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a ku Harare, amene anasindikizidwa mu 2016, anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi 14 mwa 100 ndiwo anali adakali okhumudwa kwambiri, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali 50 mwa 100.

Koma ambiri amene anabwera pa benchi m'kafukufukuyu anali amayi. Bambo wa pa shifiti, amene amafika kunyumba kamodzi pa miyezi iwiri, sapezeka pa mzere wa ku kiliniki.

Nanga amuna awerengedwa ndi yani?

M'boma la Mehsana ku Gujarat, m'dziko la India, ofufuza anayesa njira ina. M'malo modalira mabuku a polisi ndi a chipatala okha, ankafunsa kawirikawiri anthu odziwa za m'mudzi, monga alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri. Anapeza imfa zambiri zimene mabuku aja analibe.

Ife anthu otere tili nawo kale. Mlembi wa sosaiti ya maliro amadziwa aliyense amene waikidwa. Mkulu wa mpingo, shehe, mtsogoleri wa gule, mayi wophika nsima pa mgodi, onsewa amadziwa amene anapita naye ku chipatala usiku. Chofunika n'chakuti mmodzi wa iwo azikumana ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pamwezi. Dzina lisalembedwe, ngakhale nambala ya nyumba. Zilembedwe izi zokha: zaka, mwamuna kapena mkazi, ntchito, mwezi, ngati panali mowa, ngati anapulumuka, ndiponso ngati wina anakamuona pambuyo pake. Pepalalo lisungidwe ku kiliniki, osati ku ofesi ya abwana. Munthu akaopa kuti ntchito imuthera sanganene kanthu.

Pakatha chaka pepala lotere limayankha mafunso amene lero timangoganizira. Kodi zimachuluka anthu akachotsedwa ntchito? Mu Januwale, nthawi ya fizi? Munthu akangouzidwa kuti ali ndi TB kapena matenda a fumbi la m'mapapo? Kwa okumba golide tifunsenso za mekyuli, pakuti utsi wake umanjenjemeretsa manja, umasowetsa tulo ndipo umasintha mtima wa munthu. Ku Sri Lanka, kuwerenga kunaonetsa kuti ambiri ankafa ndi mankhwala a m'munda. Boma linaletsa oopsa kwambiri, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 mwa 100.

Kwa ine ngati namwino, mzere wofunika koposa ndi wa amene anapulumuka. Amene anayesapo kamodzi ndiye ali pa chiopsezo chachikulu choyesanso, makamaka m'miyezi yoyambirira. Kumulemba n'kulonjeza kuti wina akagogoda pakhomo pake sabata yamawa.

Mnzanu wa m'chipinda akasintha

Akayamba kugawa zida zake, kutsanzika mosadziwika bwino, kumwa kuposa kale kapena kunena kuti ana akhala bwino iye kulibe, mufunseni poyera: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funsoli silimupatsa maganizo amene analibe. Akavomera, musamusiye yekha ndipo musamulalikire. Chotsani mankhwala a makoswe, a m'munda ndi zida zoopsa, mupite naye ku kiliniki ya pa mgodi kapena ya kufupi tsiku lomwelo.

Ngati wamwa kale chinachake, musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira. Mugonekeni chammbali, tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo, muthamange naye ku chipatala. Kuno kwathu ndi ku Chitungwiza Central Hospital, ndipo mbali ya odwala mwadzidzidzi imatsegula usana ndi usiku.