Napolo ndi Zilombo za Agriki

Mwana wa ku Magomero amakula akuona mapiri a Zomba, Chiradzulu ndi Michesi, ndipo asanalowe sukulu amakhala atamva kale za Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene posamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Aphunzitsi ena amachita manyazi ndi nkhaniyi, namayesa kuti nthano zoyenera m'kalasi ndi za m'mabuku a Azungu zokha. Komatu Agriki akale anali nazo zilombo zamtundu womwewo.

Homer analongosola Chimaira, chilombo cha ku Lycia: kutsogolo mkango, pakati mbuzi, kumbuyo njoka, ndipo m'kamwa munkatuluka moto. Amisiri akale a ku Italy anachiumba ndi mkuwa. Chifanizirocho chinafukulidwa ku Arezzo m'chaka cha 1553, ndipo lero chili ku Florence. Koma mbale weniweni wa Napolo ndiye Typhon, amene Hesiod anati pa mapewa ake panamera mitu ya njoka 100. Mlakatuli Pindar anaimba kuti Zeus anamtsekera pansi pa phiri la Etna, ndi kuti moto wophulika paphiripo ngwake. Anthu aja anaona phiri likuchita zoopsa, tsono analumikiza ziwalo za nyama zowopedwa kuti zoopsazo zikhale ndi thupi ndi dzina.

Kunonso zinatero. Mu December 1946 mvula inagwa kosalekeza pa phiri la Zomba, madzi natsika ndi miyala, naononga milatho ndi miyoyo ya anthu. Anthu anangoti, wadutsa Napolo. Posakhalitsa oimba a Paseli anapeka nyimbo ya dzina lomwelo. Steve Chimombo, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anatulutsa Napolo Poems mu 1987. Pa nthawi imene kudzudzula boma poyera kunali kuika moyo pachiswe, owerenga ochenjera anazindikira kuti chinjoka chake sichinali cha m'phiri chokha. Mu 1991 dzinalo linamvekanso pamene Michesi anagumukira Phalombe.

Mphunzitsi aphunzitse ndithu kuti chogumula phiri ndi madzi olowa m'nthaka, makamaka pamene mitengo yatha. Pofika pa phunziro la chilankhulo, awafunse ana maonekedwe a Napolo. Adzatsutsana, pakuti mudzi uliwonse umamlongosola mwina, monganso alakatuli a Chigriki sanagwirizane pa chiwerengero cha mitu ya Hydra. Aliyense ajambule wake pa sileti, kenaka amlembere ndakatulo.