Kamfuno wa Osambira Pansi pa Nyanja

Lero tikamba za anthu amene amamira pansi pa nyanja atabereka silinda ya mpweya, monga achitira ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Ena povuuka amapeza timagazi m'galasi lotchinga kumaso. Kodi gwero lake nchiyani?

M'mafupa a pamphumi ndi m'masaya muli timphako ta mpweya, tolumikizana ndi mphuno kudzera m'timipata tating'ono. Munthu akatsika mamita 10, mphamvu yomupanikiza imaŵirikiza kaŵiri. Ngati chimfine chatseka timipatato, mpweya sungaloŵe kukalimbana ndi mphamvuyo. Tsono m'kati mwa timphako mumatupa, ndipo timitsempha ta magazi timaphulika. Pokwera, mpweya wotsekeredwa uja umafufuma nkukankhira magaziwo m'mphuno.

Choncho musamire muli ndi chimfine. Tsikani pang'onopang'ono. Pamphumi pakayamba kuŵaŵa, kwerani pang'ono. Ululu ukapitirira, tulukani. Kamfuno akabwera, khalani pansi, ŵeramirani kutsogolo, tsinani mphuno kwa mphindi 10. Magazi akapanda kuleka, kapena khutu likagontha, pitani kuchipatala msanga. Tsalani bwino.