Magalasi a Google ndi a Meta: chasintha n'chiyani?

Mu 2013 kampani ya Google inatulutsa magalasi okhala ndi kamera, Google Glass, pamtengo wa madola 1,500. Anthu a ku America sanawakonde. Malo ena omwera mowa ku Seattle anawaletsa asanafike n'komwe kwa ogula, ndipo nyumba zoonetsera mafilimu ndi za juga zinachitanso chimodzimodzi. Mu Januwale 2015 Google inasiya kuwagulitsa kwa anthu wamba.

Meta, mwini wake wa Facebook, inayamba kugulitsa ake mu 2021 mogwirizana ndi Ray-Ban, pamtengo wa madola 299. Kumayambiriro kwa 2025 kampani yowapanga ya EssilorLuxottica inalengeza kuti mtundu watsopano wa 2023 wagulidwa wokwana 2 miliyoni.

Mtengo unathandizadi, koma kusiyana kwenikweni kuli pa maonekedwe. A Google anali ndi kagalasi kotuluka pamwamba pa diso lamanja, moti wovala akangolowa pakhomo aliyense ankatembenuka. Wosafuna kujambulidwa ankatha kuchoka, kapena kumuuza mwiniwakeyo kuti avule. A Meta amaoneka ngati magalasi adzuwa wamba. Kamera yake ili pangodya ya felemu, yaing'ono ngati njere ya nandolo, ndipo chokuchenjezani n'kagetsi koyera komwe kamayaka akamajambula. Masana dzuwa likuswa mtengo, ndani angakaone kagetsiko? Mabungwe oteteza zinsinsi za anthu ku Ireland ndi ku Italy anafunsa funso lomweli mu 2021. Meta inakakulitsa mu 2023, n'kukonza kuti kamera ikane kujambula kagetsiko kakaphimbidwa. Ngakhale zili choncho, pa intaneti pakugulitsidwa timapepala tomata tokabisira.

Tisakane, magalasi a Meta ali ndi ntchito yabwino: munthu wosaona amatha kuwafunsa kuti amuwerengere zolembedwa pa botolo la mankhwala. Koma ngozi nayo yakula. Mu 2024 ophunzira awiri a ku Harvard analumikiza magalasiwa ndi pulogalamu yozindikira nkhope, ndipo ankapeza dzina ndi adiresi ya munthu wongokumana naye panjira.

Ena amati anthu azolowera. Ine sindikuvomereza, chifukwa ogula ndi ena, ojambulidwa ndi ena, ndipo ojambulidwawo palibe anawafunsa. Magalasi a Google anakanidwa chifukwa ankaoneka. A Meta sakukanidwa chifukwa ambiri sadziwa kuti akuwajambula.