Amisiri owotcherera ndi argon

Mukadutsa ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre nthawi yoti magetsi alipo, gulainda imamveka mbali zonse. Pansi pa mashedi a malata anyamata amakhala atawerama, akudula ndi kulumikiza zitsulo, ndipo m'mbali mwa msewu mumakhala mutandandalikidwa mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi ndi mawilibala. Pafupifupi onsewa amawotcherera ndi marodi. Njira imeneyi sinyada. Chitsulo chikhale ndi kadzimbiri, mphepo iwombe, ntchito imayendabe, chifukwa chokutira cha pa rodi chimasungunuka n'kuphimba msoko, kenako chimauma ngati nkhoko za mumphika, mmisiri n'kuzigogoda ndi hamala.

Pali kagulu kena kochepa ka amisiri amene anzawo amawatchula kuti owotcherera ndi argon. Njira yawo ndi TIG. Pamsewu sapezekapezeka. Ntchito yawo imakhala m'mafakitale a shuga, a zakumwa ndi a mkaka, kumene mapaipi a stainless steel amafuna msoko wosalala wosasunga nyansi, komanso m'magalaja okonza zida za aluminiyamu. Njirayi inabadwira ku California, ku kampani yopanga ndege ya Northrop, kumene Russell Meredith anapeza nzeru yolumikizira magnesium, ndipo chiphaso cha umwini wa nzeruyo chinatuluka mu 1942. Poyamba ankagwiritsa ntchito mpweya wa helium. Argon inabwera pambuyo n'kulanda malo chifukwa ndi yotsikirako mtengo.

Pa TIG moto umatuluka pa nsonga ya kandodo ka tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 3,422, pamene chitsulo wamba cha mageti ndi mafelemu, chija amati mild steel, chimasungunuka cha m'ma 1,500. Choncho tungsten siilowa mumsoko. Ntchito yake ndi kunyamula moto basi. Mpweya wa argon umatuluka pakamwa pa tochi n'kukuta malo osungunukawo kuti mpweya wamba usawafike, ndipo waya wodzazira mmisiri amaulowetsa yekha ndi dzanja linalo. Manja onse awiri amakhala pantchito, ndipo pa makina ena phazi nalo limaponda chowonjezerera moto.

Wophunzira aliyense wanzeru amayambira pa mild steel. Zidutswa zake zimapezeka pa shedi iliyonse, pamene stainless ndi yodula ndipo imapindika msanga ndi kutentha. Aluminiyamu ndiye imafuna makina a TIG a AC omwe ndi okwera mtengo. Koma amene akuganiza kuti mild steel ndi yosavuta chifukwa wakhala akuiwotcherera zaka zambiri ndi marodi, ameneyo ndiye amakhumudwa koyamba.

Vuto loyamba ndi ukhondo. Chitsulo chikamachokera ku fakitale chimakhala ndi kachikopa kakuda kobiriwira pamwamba. Rodi imadya kachikopa kameneka osadandaula, koma TIG ilibe chokutira choti chiyeretse msoko. Mukayatsa moto pa chitsulo chosapala, malo osungunuka amayamba kuwira ndi kuthetheka, tungsten imada, ndipo msoko umatuluka ndi timabowo tambirimbiri. Motero wophunzira amathera nthawi yambiri pa gulainda kusiyana ndi pa tochi: kupala mbali zonse ziwiri mpaka chitsulo chiwale, kupukuta mafuta ndi acetone, kupukutanso waya wodzazira, pakuti nawo umatola fumbi ndi thukuta la m'manja. Waya woyenera ndi uja wolembedwa ER70S-2 kapena ER70S-6, umene uli ndi zosakaniza zochotsa okosijeni mumsoko. Ena posowa amadula waya wa mpanda kapena kukhokhola rodi n'kugwiritsa ntchito mtima wake. Msoko wotere ungaoneke bwino pamwamba, koma suyenera kuudalira.

Chachiwiri ndi kunola. Tungsten ya mamilimita 1.6 kapena 2.4 imanoledwa kukhala yosongoka, ndipo mizere ya gulainda iyenera kutsata utali wake, osati kuizungulira, apo ayi moto umayendayenda osakhazikika pamodzi. Nsongayo iyenera kuyandama pamwamba pa chitsulo mamilimita awiri kapena atatu okha, tochi itapendekeka pang'ono. Dzanja likanjenjemera, nsonga imamira m'chitsulo chosungunuka, kapena waya umaigunda, ndipo pomwepo moto umasintha mtundu n'kuyamba kubalalika. Palibe kuchitira mwina: imani, masulani tungsten, dulani podetsedwapo, nolaninso. Masiku oyamba wophunzira amanola kambirimbiri kuposa mmene amawotcherera, n'chifukwa chake amisiri odziwa amanoleratu zingapo m'mawa n'kuziika m'kabotolo. Mwana wantchito akafuna kupitiriza ndi nsonga yodetsedwa, mmisiri wamkulu amangoti, "Achimwene, kanoleni kaye," ndipo mawu amenewa amawamva mpaka kuzolowera.

Mphunzitsi wabwino sapereka waya tsiku loyamba. Amamukhazika wophunzira pampando, zigongono patebulo, n'kumuuza kuti ayendetse tochi yokha pa chidutswa chokhuthala mamilimita atatu. Cholinga ndi kuti maso aphunzire kuona kathamanda konyezimira kamene kamapangika pansi pa moto, ndi kukakankha pang'onopang'ono kasakule kapena kuchepa. Mzere ukayamba kutuluka wofanana m'lifupi, ndiye dzanja lamanzere limalowa. Waya umagunda kutsogolo kwa kathamandako, n'kubwerera pang'ono osatuluka mumthunzi wa argon, tochi n'kusuntha, waya n'kugundanso. Kugunda kulikonse kumasiya kamzere kopindika pamsoko, ndipo timizereti tikatalikirana mofanana, mmisiri wina aliyense amadziwa kuti dzanjalo lakhazikika. Kusuntha waya ndi zala mutavala magolovesi ndi luso palokha. Ambiri amaliyeserera kunyumba madzulo, waya m'manja, moto palibe.

Za makina n'zochepa, koma zolakwika zake zimawononga. Tochi imalumikizidwa ku negetivu, chopanira ku pozitivu. Wozolowera marodi akalumikiza mosinthanitsa, tungsten imatentha mpaka kusungunuka nsonga. Mphamvu ya moto amaiyerekezera pa ma amp pafupifupi 40 pa milimita iliyonse ya kukhuthala kwa chitsulo, kenako n'kumachepetsa chitsulo chikatentha. Oyamba kumene amaopa kuboola, ndiye amatsitsa moto kwambiri n'kumachedwa pamalo amodzi, mapeto ake chitsulo chonse chimapsa, msoko n'kutuwa, chidutswa n'kupindika. Moto wokwanira ndi kuyenda mosazengereza ndiye kumateteza chitsulo. Mpweya uyenera kukhala argon yeniyeni, osati ija yosakaniza ndi carbon dioxide ya makina ena owotcherera otchedwa MIG, ndipo malita 6 mpaka 10 pa mphindi amakwana. Kutsegula kwambiri kumangomaliza silinda, komanso kumakokera mpweya wakunja mumsoko. Moto ukazima, tochi imakhala pomwepo masekondi angapo argon ikutulukabe, kuti msoko ndi tungsten zizizire zili zokutidwa.

Apa ndi pamene shedi ya pamsewu imagonjera. Kamphepo kakang'ono kamauluza argon yonse, choncho TIG imafuna malo otchingidwa. Makina aja okulunga pamanja amene adzaza m'misika amatulutsa AC yopanda zida zothandizira TIG, motero sangagwire ntchitoyi pa mild steel. Komabe pali khomo limene ambiri saliona. Timakina ting'onoting'ono ta inverter timene tafala masiku ano timatulutsa DC, ndipo tingalandire tochi ya TIG yokhala ndi kampopi kotsegulira mpweya pamanja. Moto umayatsidwa pokhudzitsa nsonga pachitsulo n'kuikweza msanga. Njirayi imadya tungsten, koma munthu amaphunzirira pomwepo. Chotsala ndi silinda ya argon ndi geji yake, ndipo apa ndiye pagona mtengo. Silinda imafuna ndalama ya chikole, mpweya umatha ngakhale mukungoyeserera, ndipo kukadzazitsa kwake n'kwa makampani ogulitsa gasi m'mizinda ikuluikulu, monga Afrox. Wophunzira wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amayamba wawerengera ulendo asanawerengere mpweya.

Ndimadandaula kwambiri ndi mmene ntchitoyi imanyengera pa nkhani ya thanzi. Poti TIG situlutsa utsi wambiri kapena zothetheka, achinyamata amaitenga ngati yofatsa, n'kumagwira atavala malaya odula manja. Kuwala kwake kumawotcha khungu, ndipo woyang'ana moto wopanda chigoba cha galasi lakuda mokwanira amadzuka pakati pa usiku maso akuwawa ndi kutuluka misozi. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, monga mapaipi a madzi ndi malata, chimatulutsa utsi woyera wodwalitsa. Mankhwala ena otsukira mabuleki okhala ndi chlorine akakumana ndi motowu amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosgene. Argon yokhayo ilibe fungo ndipo ndi yolemera kuposa mpweya wamba, choncho imadzaza pansi m'thanki, munthu wolowamo n'kukomoka osazindikira. Tungsten ya mutu wofiira ili ndi thorium, ndipo fumbi lake siliyenera kupumidwa ponola. Ya mutu wabuluu kapena wagolide imagwira bwino pa mild steel popanda nkhawa imeneyi.

Maphunziro a ntchito zamanja m'Malawi amayang'aniridwa ndi TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999. Pali makoleji akale monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Mzuzu, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a m'madera, kumene kuwotcherera ndi imodzi mwa ntchito zophunzitsidwa kwa anyamata ndi atsikana omwe. Koma TIG silowa m'manja pongoonerera mphunzitsi. Imafuna maola ambiri munthu atagwira tochi yekha, ndipo ola lililonse ndi argon. Ndikanakonda mafakitale amene amasowa amisiri oterewa akanamathandiza makoleji ndi mpweya komanso zidutswa za zitsulo, chifukwa iwo omwe ndiwo adzapindule.

Wodziwa TIG amafunidwa ngakhale kunja, makamaka ku South Africa, kumene owotcherera mapaipi m'mafakitale akuluakulu amayesedwa kaye asanalembedwe. Mayeso ovuta kwambiri ndi a 6G: paipi imamangidwa chopendekeka pa madigiri 45, yosatembenuzika, mmisiri n'kuizungulira yekha, ndipo msokowo amaupinda kapena kuuunika ndi X-ray. Wophunzira wa pa shedi angayambe kudziyesa lero lomwe ndi zida zimene ali nazo. Alumikize zidutswa ziwiri, atembenuze aone ngati moto unadutsa mpaka kuseri, kenako apane pa vaisi n'kumenya ndi hamala mpaka chitsulo chipindike pamsoko penipeni. Pakang'ambika, m'kati mwake mumaoneka chimene chinalakwika: timabowo ta chitsulo chosapala, kapena m'mphepete mosasungunuka chifukwa moto unachepa.